Dzanja ndi Nkhafi: Kuphunzira Kugwira Madzi Posambira

Anthu a kumtunda amaganiza kuti mwana aliyense wobadwira m'mbali mwa nyanja amadziwa kusambira monga adziwira mwana wa bakha. Nafenso a kuno ku Karonga timakonda kuvomereza mawu amenewa pakuti amatikometsa. Kuyambira ku Kaporo, kudzera ku Ngara mpaka ku Chilumba, ana athu sachoka m'madzi. Amadumpha kuchokera m'mabwato, amamira nakatulukira patali, ndipo mlendo akawaona amagwira pakamwa. Koma tiyeni tiwayese anawa poyera. Tiwaimike pamzere ndi kuwauza kuti asambire mamita 200 osaponda pansi. Ambiri adzayamba ndi liwiro loopsa, madzi ali phwaphwaphwa, mutu uli m'mwamba ukuponyedwa uku ndi uku. Asanafike ndi pakati pomwe mikono idzalemera, miyendo idzayamba kumira, ndipo tidzawaona akufunafuna mchenga ndi zala za kumapazi.

Pa masewera a padooko kulephera kotereku kumangoseketsa anzawo. Kumaleka kuseketsa tsiku limene bwato lagubuduzika gombe lili patali. M'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mphepo ya mwera imayenda pamwamba pa nyanja mtunda wautali isanatifike, ndipo mafunde ake amafika kumpoto kuno atakhwima. Akuluakulu athu amasimbabe za sitima ya Vipya imene inagubuduzika ndi namondwe pa 30 Julayi 1946 kufupi ndi Florence Bay, kumene lero timati ku Chitimba, ndipo anthu 145 anatsikira kulichete. Ngozi yotere luso la kusambira silikadapulumutsa onse. Koma ngozi zimene timazimva chaka ndi chaka ndi zazing'ono: bwato lobwera ku usipa, ana owoloka mtsinje wodzala pochokera kusukulu, mnyamata wotsata mpira umene wapita ndi mafunde. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2024 kuti anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi m'chaka cha 2021 chokha, ndipo kuti poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, vutoli ndi lalikulu kwambiri kuno ku Africa.

Tikayang'anitsitsa mwana amene amatopa msanga m'madzi, tidzaona kuti mphamvu ali nazo zambiri. Chimene akusowa ndi chinthu chaching'ono chimene chimachitika m'kamphindi, dzanja likangolowa m'madzi patsogolo pa mutu. Aphunzitsi a kusambira amachitcha catch m'Chingerezi. Ife tichitche kugwira madzi.

Msodzi aliyense wa ku Kambwe akhoza kutiphunzitsa zimenezi, ngakhale kuti mwina sanaziganizepo pa nkhani ya kusambira. Popalasa bwato, munthu wodziwa samenya madzi ndi nkhafi. Amaitosa patsogolo mwakachetechete, naiimika kuti mbali yake yotambalala iyang'ane kumbuyo, ndipo akamva m'manja kuti nkhafi yaluma, ndi pamene amakoka. Tikapenyetsetsa tidzapeza kuti nkhafiyo siyenda kwambiri m'madzi. Imakhala ngati yazikika, ndipo bwato ndilo limadutsa. Mwana wophunzira kumene kupalasa amachita zosiyana. Amakoka nkhafi isanalume, kapena amaipendeketsa, motero imang'amba madzi mopepuka, thovu lili mbwee, thukuta lili kamukamu, koma bwato lili pomwepo.

Nkhafi ya munthu wosambira si chikhatho chokha ayi. Imayambira ku nsonga za zala ndi kulekezera pa chigongono. Dzanja likalowa m'madzi molunjika phewa, mkono umatambasuka patsogolo, pansi pang'ono pa madzi. Tsono nsonga za zala zimayamba kuloza pansi, mkono wakutsogolo umatsatira, koma chigongono chimatsala m'mwamba, kufupi ndi pamwamba pa madzi, chitaloza kumbali. Pamenepo chikhatho ndi mkono zonse zayang'ana kumbuyo, kumene kuli mapazi. Nkhafi yaluma. Kuchokera apo minofu ikuluikulu ya kumsana ndi ya m'khwapa ndiyo imagwira ntchito, ndipo thupi limadutsa dzanja lija mpaka dzanjalo litafika pa ntchafu. Kuti chithunzi chake chikhale m'mutu, tiganize munthu amene waponya mkono pamwamba pa mgolo wogona chammbali nafuna kuugubuduzira kumapazi kwake. Chigongono sichingagwe pakuti mgolo uli pansi pake.

Ana athu ambiri amalakwa pa zinthu zitatu, ndipo choyamba ndicho chimabala zinazo. Popeza amasambira mutu uli kunja, amakanikiza madzi pansi ndi mkono wowongoka kuti nkhope isamire. Mphamvu imene ikadawapititsa patsogolo imathera pa kudzinyamula, ndipo mutu ukakwera miyendo imatsika, thupi n'kumayenda chopendekeka ngati bwato lolemera kumbuyo. Ena amagwetsa chigongono, chimene chimatsogola kupita kumbuyo dzanja likutsatira, ngati munthu wosisita mwana pamsana kuti agone. Dzanja lotere limayenda msanga ndithu, mwini wake n'kumayesa kuti akuthamanga, chikhalirecho sakugwira kanthu. Enanso amamenya madzi polowetsa dzanja ndipo amakokera mpweya pansi. Madzi amalemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800, kotero dzanja lodzala thovu lagwira chinthu chopanda pake.

Za zala tinenepo pang'ono. Ambiri tinaphunzira kupinda chikhatho ngati chikho chotungira madzi, zala zitapanikizana. Kutero kumachepetsa nkhafi ndi kutopetsa dzanja. Ofufuza anapeza kuti chikhatho chotambasuka, zala zitatalikirana pang'ono chabe, chimagwira madzi ambiri kuposa chofumbatika kapena chotanyula zala.

Akatswiri nawonso anasokonezekapo

Tisayese kuti nkhaniyi inali yapafupi ngakhale kwa anthu ophunzira. James Counsilman, mphunzitsi wa kusambira pa Indiana University ku America, anali mmodzi wa anthu oyamba kujambula osambira ndi kamera pansi pa madzi. Buku lake lotchedwa The Science of Swimming linatuluka mu 1968, ndipo mmodzi wa ophunzira ake, Mark Spitz, anapata mamendulo 7 a golide pa masewera a Olympic ku Munich mu 1972. Counsilman yemweyo anawoloka nyanja ya pakati pa England ndi France posambira mu 1979 ali ndi zaka 58. Zithunzi zake zinaonetsa chinthu chodabwitsa, kuti dzanja la katswiri limatuluka m'madzi kufupi ndi pamene linalowera. Anaonanso kuti dzanjalo limayenda mokhotakhota, ndipo anaphunzitsa kuti osambira azilipinda ngati chilembo cha S, poganiza kuti limagwira ntchito monga propela ya boti la injini.

Chiphunzitsochi chinafala padziko lonse kwa zaka zambiri. Pambuyo pake ofufuza ena anachiyesanso napeza kuti mphamvu yaikulu imachokera pa kukankha madzi kumbuyo, ndipo kuti kukhota kwina kwa dzanja kumabwera kokha chifukwa thupi limagudubuka uku ndi uku posambira. Mu 2012 akatswiri a pa Johns Hopkins University anayerekeza njira ziwirizi pa kompyuta ndipo anapeza kuti kugwira madzi mwakuya ndi kuwakankha molunjika kumbuyo kumaposa kukhotetsa dzanja. Ife tikuona kuti msodzi ndi nkhafi yake ndiye anali pafupi ndi choonadi nthawi yonseyi. Chimene Counsilman anatisiyira chosagwedezeka ndi chakuti chigongono chisagwe, ndiponso kuti luso la pansi pa madzi limaphunzitsika.

Dziwe tilitenga kuti?

Luso limeneli siliphunzirika m'mafunde kapena pa mpikisano ndi anzako. Limafuna madzi odekha, oyera kuti mphunzitsi aone dzanja, osaya kuti wophunzira asachite mantha, ndi a utali wodziwika kuti tiziyesa ngati zinthu zikusintha. N'chifukwa chake osambira a mpikisano amaphunzirira m'madziwe ochita kumanga a mamita 25 kapena 50. Amalawi amene anaimira dziko lino pa masewera a Olympic, monga Joyce Tafatatha ku London mu 2012, Ammara Pinto ndi Brave Lifa ku Rio de Janeiro mu 2016, ndiponso Filipe Gomes ndi Jessica Makwenda ku Tokyo mu 2021, onse anapikisana m'dziwe la mamita 50. Dziwe lalikulu la mpikisano linamangidwa ku Lilongwe pokonzekera masewera a achinyamata a maiko a chigawo chino cha Africa mu Disembala 2022. Madziwe ena ambiri ali pa masukulu, m'makalabu ndi m'mahotela a m'mizinda. Kwa mwana wa ku Ngara zonsezi zili kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi.

Amene ali ndi mwayi wa dziwe lomanga, ngakhale laling'ono la pa malo ogona alendo, apemphe eni ake ndi kuligwiritsa ntchito. Enafe tisadikire simenti. Ku Bangladesh, dziko la madzi ambiri ndi ndalama zochepa, pansi pa ntchito yotchedwa SwimSafe anthu amamanga mpanda ndi nsanja za nsungwi m'maiwe a m'midzi, ndipo m'menemo ana ambirimbiri aphunzira kusambira mamita 25 ndi kuyandama. Ku Nungwi pa chilumba cha Zanzibar bungwe la Panje Project limaphunzitsa ana ndi atsikana m'madzi osaya a nyanja yamchere. Ife tili ndi madzi abwino opanda mchere, ofunda chaka chonse, ndi gombe la mchenga lotsetsereka pang'onopang'ono m'malo ambiri.

Dziwe lathu tingalikonze chotere. Tisankhe malo a mchenga woyera pamene madzi amalekeza m'chiuno kapena pachifuwa cha ophunzira. Tizike mitengo iwiri yotalikirana mamita 25, motsata gombe osati molowa pakati pa nyanja, ndipo timange chingwe choyandamitsidwa ndi zigubu zotsekedwa bwino. Chingwe china chikhale kumbali ya kwakuya monga malire amene mwana aliyense asadutse. Nthawi yake ndi m'mawa mphepo isanadzuke. Posankha malo tifunse a mfumu ndi asodzi, pakuti iwo ndiwo amadziwa pamene pali dzenje, pamene amaponya makoka ndi pamene pamadutsa mvuu. Titalikire mathiriro a mitsinje monga Songwe, Lufilya ndi North Rukuru, ndiponso malo a bango, chifukwa cha ng'ona ndi nkhono zofalitsa likodzo. Mwana amene akukodza magazi apite kuchipatala, mankhwala ake alipo.

Zoyeserera zake

Tiyambe ophunzira ataimirira. Mwana awerame m'madzi a m'chiuno, atambasule mkono umodzi patsogolo, ndipo pang'onopang'ono aloze zala pansi chigongono chili m'mwamba, akuziona ndi maso ake. Mphunzitsi aike chala chake pansi pa chigongonocho kuti mwana amve pamene chayamba kugwa. Abwereze kakhumi mkono uliwonse. Ana amanyong'onyeka nazo msanga zimenezi ndipo amafuna kuthamanga, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa nthawi yomweyi aphunzire kuika nkhope m'madzi ndi kutulutsa mpweya m'mphuno ndi m'kamwa, popeza mwana amene amaopa kumiza nkhope adzapitiriza kukanikiza madzi pansi ngakhale timuuze kangati.

Choyeserera chachiwiri ndicho tikufuna kuchikhalira pansi, pakuti chimaphunzitsa chinthu chimene pakamwa sipangafotokoze, ndiko kumva madzi. Wophunzira agone chafufumimba, mikono yonse patsogolo, botolo la pulasitiki lopanda kanthu lotsekedwa bwino atalipana pakati pa ntchafu kuti miyendo iyandame. Tsono ayendetse zikhatho kunja ndi mkati, kunja ndi mkati, pang'onopang'ono, monga achitira mayi poyala mpunga pamphasa kuti uume. Popita kunja zikhatho zipendekere kunja, pobwerera zipendekere mkati, nsonga za zala zili pansi pang'ono pa mfundo ya dzanja, mfundoyo ili pansi pang'ono pa chigongono. Poyamba mwana sasuntha, mwina amabwerera m'mbuyo, anzake n'kumaseka. Tsiku lina amamva madzi atauma m'chikhatho ngati phala lolimba, ndipo thupi limayamba kuyenda lokha. Kuuma kumeneko ndiko tikufuna. Akakupeza patsogolo, atsitse mikono kuti zala ziloze pansi penipeni pansi pa mapewa, zigongono zili kumbali, nachite chimodzimodzi. Mamita 25 a choyeserera chimenechi amatenga nthawi yaitali, ndipo palibe chifukwa chofulumirira. Ngakhale akatswiri a mpikisano sachisiya, amachichita poyamba maphunziro awo kuti manja adzuke.

Kasambiridwe ka galu, kamene ana onse amakadziwa kale, kamasanduka sukulu yabwino tikakatalikitsa. Mkono utambasuke wonse patsogolo, ugwire madzi chigongono chili m'mwamba, ukoke mpaka pamimba, ndi kubwerera patsogolo pansi pa madzi osatuluka kunja. Mwana amaona dzanja lake nthawi yonse ndipo amadzikonza yekha.

Kenaka pali kusambira manja atafumbata chibakera. Ichi chimaoneka ngati chibwana koma chimaulula zambiri. Chikhatho chikachoka, chotsala chogwirira madzi ndi mkono wokha, ndipo amene amagwetsa chigongono amangovundula madzi osapita kulikonse. Asambire theka la mtunda atafumbata, theka linalo atatambasula. Pamene zala zatseguka amamva ngati wapatsidwa nkhafi yaikulu, ndipo kumva kumeneko kumakhala m'thupi nthawi yaitali kuposa mawu a mphunzitsi.

Otsogola angayese kusambira ndi mkono umodzi, winawo uli patsogolo utagwira kachigubu, kapena kusinthanitsa kamtengo kakafupi patsogolo kuti mkono wina usayambe kukoka mnzake asanafike. Zimenezi zimaletsa changu chija chokoka nkhafi isanalume. Choyeserera chilichonse chitsatidwe ndi kusambira kwenikweni mtunda umodzi kapena iwiri, kuti chimene dzanja laphunzira chilowe m'kasambiridwe konse.

Tidziwa bwanji kuti zikutheka? Wotchi si yofunika poyamba. Mnzake wa wosambira aime pagombe ndi kuwerenga kuti manja alowa kangati m'madzi pa mamita 25, ndipo chiwerengerocho chilembedwe m'kope pamodzi ndi tsiku lake. Mwana amene akugwira madzi bwino adzaona chiwerengero chikutsika sabata ndi sabata, kupuma kwake kukudekha, ndipo phokoso la madzi likuchepa. Mphunzitsi wozolowera amadziwa ndi khutu lomwe: wosambira bwino samveka patali. Anyamata amene amakonda kupikisana tiwapatse mpikisano wa mtundu uwu, wopambana akhale amene wafika ndi mikono yochepa. Mudzadabwa mmene amadekhera.

Tichenjezepo za phewa. Kuimika chigongono kumafuna minofu imene sinazolowere ntchitoyi, ndipo wokakamiza amadzipweteka. Dzanja lilowe m'madzi ndi nsonga za zala, osati chala chachikulu chitatsogola, ndipo lisadutse mzere wa pakati pa mutu kupita mbali inayo. Thupi lizigudubukira pang'ono ku mbali ya mkono umene watambasuka, kuti phewa lisapanikizike. Mwana akati phewa likubaya, aleke tsiku limenelo. Kutopa kwa minofu ya m'khwapa ndi kumsana n'chizindikiro chabwino, koma kupweteka kwa pamfundo ya phewa si kwabwino. Zikhatho za pulasitiki zimene osambira a m'mizinda amavala m'manja si zoyenera ana ongoyamba kumene.

Mawu kwa makolo

Inu makolo, ntchito yanu pano ndi yaikulu ngakhale simudziwa kusambira. Pa maphunziro aliwonse pakhale wamkulu mmodzi amene salowa m'madzi ndipo sachita china koma kuwerenga mitu. Akhale ndi nsungwi yaitali ndi chigubu chomangidwa ku chingwe, pakuti womira timamuponyera chogwira, sitimulumphira. Ana akhale awiriawiri, mmodzi akusambira wina akumuyang'ana, ndipo gulu lisachuluke kuposa mmene maso a mphunzitsi angakwanire. Mwana wodwala khunyu asalowe m'madzi popanda wamkulu womuyang'anira iye yekha ali pafupi pomugwira. Theka la ola, kawiri kapena katatu pa sabata, n'lokwanira.

Atsikana tisawasiye pagombe. M'midzi yambiri mtsikana akangosinkhuka amaleka kusambira chifukwa cha manyazi, komabe ndiye amene amapita kunyanja tsiku ndi tsiku kukachapa ndi kutsuka mbale, ndiye amakwera bwato popita kukagula nsomba, ndipo mawa ndiye adzakhala ndi mwana kumbuyo powoloka mtsinje. Amayi odziwa kusambira alipo pakati pathu. Apatsidwe nthawi yawoyawo ndi malo awoawo kuti aphunzitse atsikana. Chovala chikhale kabudula wofika m'mawondo ndi malaya ogwira thupi, pakuti chitenje chimakulunga miyendo ndipo chimalemera chikanyowa.

Ophunzira akafika posambira mamita 200 m'kati mwa chingwe osaima, ndi pamene tingawaonetse madzi enieni. Tisankhe tsiku la timafunde tating'ono, bwato la munthu wodziwa liziyenda pambali pawo, ndipo asambirebe motsata gombe. Adzapeza kuti funde likabwera dzanja nthawi zina limagwira m'malere, ndipo ayenera kulilowetsa mwakuya pang'ono ndi kudikira kuti lilume asanakoke. Aphunzire kupumira ku mbali imene funde silikuchokera, chifukwa chake ndi bwino kuti azolowere kupumira mbali zonse ziwiri akadali m'kati mwa chingwe. Aphunzirenso kutembenuka chagada, kupuma, ndi kuyambanso. Kamodzi pa mwezi asambire atavala malaya ndi kabudula wa masiku onse, monga momwe amakhalira akakwera bwato. Ndipo tiwauze momveka kuti bwato likagubuduzika koma likuyandama, agwiritsitse bwatolo ndi kuitana, asalisiye n'kuyamba ulendo wa kugombe pokhapokha ngati gombelo lili pafupi kuposa mtunda umene analemba m'kope muja.